Mpikisano wa magemu a zaumoyo: tilowe kapena tisiye?

Mabvuto: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Pepani ndilowetse nkhani ina pagulu pano. Ku koleji atimatira chikalata cha mpikisano: bungwe lina likufuna achinyamata apange magemu a pa foni othandiza anthu kusamala thanzi lawo. Gulu lisapitirire anthu anayi, ndipo mmodzi akhale wa zachipatala. Opambana alandira ndalama ndi maphunziro. Ine kulemba pulogalamu ndimayesako, Misozi amajambula. Tikusowa wa zaumoyo. A Sista Mwale, maso anga ali pa inu.

Mai Daka: Lankhula Mabvuto, bola si zandale kapena zija za "tumizani K50 mulandire K500".

Sista Mwale: Mwana iwe, ine ndi magemu tinadziwana liti? Foni yanga ndi ya WhatsApp ndi nyimbo za kwaya basi. Mukufuna kupanga za matenda anji?

Mabvuto: Tinaganiza za kolera. Wosewera azithamanga m'komboni, kutola sopo ndi klorini, kuzemba ntchentche ndi madzi oipa. Akatola zambiri mapointi azikwera. Pakatikati pazibwera mafunso, monga akuti munthu ayenera kusamba m'manja nthawi ziti.

Misozi: Za mafunsozo ine ndinakana kale. Mwana akangoona A, B, C amadziwa kuti sukulu yamulondola mpaka pa foni. Amatseka n'kubwerera ku gemu ya mpira.

Aphunzitsi Banda: Ndiyankhulepo ine wachikulire. Mipikisano yotere ndaiona kuyambira ndili ndi choko m'manja: ya ndakatulo za Edzi, ya zisudzo, ya zojambula, lero yafika pa foni. Tsiku lopereka mphoto kumakhala mahema, zakumwa, cheke chachikulu chonyamula anthu awiri, zithunzi m'nyuzipepala. Pakatha miyezi 6 kafunseni kuti chinthu chija chili kuti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikumuletsa Mabvuto, ndalamayo akaipeza adye, koma asatiuze kuti akuthetsa kolera. Kolera ya mu Lusaka muno ndi nkhani ya zimbudzi ndi zitsime. Ku Kanyama pansi pali thanthwe long'ambikang'ambika, madzi ali pafupi kwambiri, ndipo mvula ikagwa za m'chimbudzi zimayenda pansi pomwepo kukalowa m'chitsime cha nyumba yotsatira. Mu January 2018 ogulitsa m'misewu anathamangitsidwa, zitsime zinakwiriridwa, ku Kanyama kunabuka chipolowe. Mu 2024 zinabweranso, sukulu zomwe zinkayenera kutsegulidwa pa 8 January zinadikira mpaka pa 12 February. Ndi gemu iti ingakumbe ngalande?

Amake Dalitso: Aphunzitsi mwalasa. Ine ndimakhala ku Kanyama komweko. Kuno kulibe mwana amene sadziwa za kusamba m'manja, nyimbo yake amayamba kuimba asanadziwe n'kulemba dzina lomwe. Vuto n'loti madzi a pa kiyosiki ngogula, ndipo masiku ena pampopi sipatuluka kanthu. Uli ndi chigubu chimodzi cha malita 20, uphikire, umwe, usambitse ana, utsukire mbale. Chitsime cha kuseri n'chaulere. Ndiye iwe Mabvuto, komboni imene sopo amangogwa mumsewu kuti munthu atole ili kuti? Undiuze ndisamukireko 😂

Mabvuto: Iii amayi, mwandivula pagulu 😂

Amake Dalitso: Ndakuvula ndi chikondi mwanawe.

Sista Mwale: Ndaweruka tsopano, ndiyankhe bwinobwino. Pa za madzi Aphunzitsi ndi Amake Dalitso sindingawatsutse. Koma pali mbali ina imene ndinaiona ndi maso angawa. Heroes Stadium itasandutsidwa chipatala cha kolera mu January 2024, enafe anatitumiza kumeneko. Mliri umene uja unagwira anthu oposa 20,000 m'dziko muno, ndipo oposa 700 anamwalira. Chinkatiwawa n'chakuti kolera si matenda ovuta kuchiza. Munthu akabwera msanga, timamupatsa ORS, madzi a shuga ndi mchere aja, kapena diripi ngati wafooka kwambiri, masiku ochepa wadzuka akufunsa nsima. Koma ambiri ankafika maso atalowa m'kati, khungu ukalitsina silibwerera, ndipo ena ankathera kunyumba kapena m'njira. Ukafunsa achibale, nkhani yake inali imodzimodzi. Zinayamba usiku, tinati tidikire kuche. Tinamupatsa Flagyl wa pa kantemba. Tinasiya kumumwetsa madzi chifukwa ankasanza. Tinaopa kuti akapita ku stadium sitidzamuonanso, ngakhale mtembo sadzatipatsa. Zonsezi si za sopo ayi. Ndi za maola oyambirira aja, munthu akangoyamba kutsekula madzi oyera ngati otsukira mpunga. Ngati gemu yanu ingaphunzitse za maola amenewo, ndilowa. Ngati ndi yothamangitsana ndi ntchentche, mundikhululukire.

Misozi: A Sista, mwangotipatsa gemu yonse osadziwa. Mabvuto tamvera. Wosewera akhale mtsikana wa zaka 13. Amayi ake agona ku maliro ku Matero, iye watsala ndi mng'ono wake wa zaka 4. Nthawi ili 22 hours, malaiti apita. Mwana wayamba kutsekula. Pakona ya foni pali wotchi, mbali inayo kabotolo kosonyeza madzi otsala m'thupi mwa mwanayo, ndipo kakutsika. Palibe funso la A, B, C. Pali zitseko zoti agogode. Mayi wa nyumba yoyandikana akuti mpatse mapilisi awa agone. Agogo a kuseri akuti wiritsa masamba a gwafa. Alandilodi akuti usauze munthu, a khansolo angabwere kudzatseka chimbudzi ndi chitsime. Talktime yatsala yoimbira kamodzi. Chilichonse chimene wasankha chikudya nthawi.

Mabvuto: Eee iyi ndiye gemu. Ya ntchentche ija ndaikwirira.

Amake Dalitso: Alandilodi amenewo ndikuwadziwa, mundifunse ndikupatseni ndi mayankhulidwe awo omwe.

Sista Mwale: Muikemo kusakaniza ORS, koma molondola. Ngati paketi ilipo, monga za mu Kit Yamoyo kapena zomwe timapereka ku kiliniki, atsatire muyezo wolembedwa pa paketipo, chifukwa mapaketi si ofanana onse. Ngati palibe: lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, masipuni aang'ono 6 a shuga osadzaza mulu, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Mchere ukachuluka umamuwonjezera mwana vuto, choncho wosewera akathira mwachisawawa gemu imulange. Madzi othira Clorin adikire mphindi 30 asanamwe. Mwana akasanza, adikire mphindi 10 n'kuyambiranso pang'onopang'ono ndi sipuni, osasiya. Ndipo chachikulu: ORS si mapeto. Ndi yomwetsa uku mukupita ku chipatala. Wosewera akakhala panyumba ndi ORS mpaka m'mawa asawine.

Yotamu: Ndawerenga zonse. Mabvuto mphwanga, ine ndalowapo mipikisano yotere, ina ya maola 48 ngati mmene Global Game Jam imachitira January aliyense kuyambira 2009, ina ya miyezi. Ndikuuze chomwe chimachitika. Oweruza amaonera gemu yako pa laputopu yolumikizidwa ku projekita mu hotelo, pa mphindi zisanu. Chimene chimawina m'chipinda chimenecho ndi 3D yonyezimira ndi nyimbo yabwino. Chimene chimagwira ntchito ku Chawama ndi kagemu ka 2D kopepuka, kotseguka pa itel yodzaza zithunzi za ukwati, kosafuna intaneti, koti munthu angampatse mnzake pa Xender kapena Bluetooth osadya bandulo. Ziwirizi zimakokana, ndipo magulu ambiri amasankha kusangalatsa oweruza. Sindikuwada, mphoto ili kumeneko. Koma muyambe mwagwirizana kuti mukupangira ndani. Mukasankha komboni, gwiritsani Godot, pulogalamu yaulere yopangira magemu. Muziyesa pa foni yotsika kwambiri imene mungaipeze, osati pa yanu. Kuika pa Google Play ndi $25 kamodzi, komanso akaunti yatsopano ya munthu payekha imafuna anthu 12 oyesa kwa masiku 14 isanaloledwe kutulutsa, ndiye musadzazindikire zimenezi usiku womaliza.

Aphunzitsi Banda: Nanga mtsikana wa zaka 13 wa ku Kanyama ali ndi foni yotere? A ZICTA, bungwe la boma loona za mafoni ndi intaneti, pa kafukufuku wawo wa 2022 anapeza kuti mwa anthu okhala ndi foni m'dziko muno, a smartphone sanafike ngakhale theka. Ndipo foniyo imakhala ya bambo, imapita nawo ku ntchito.

Amake Dalitso: Aphunzitsi apa pokha ndikutsutsani. Yanga ndikafika kunyumba sindiionanso mpaka batire itatha. Ana asanu amaunjikana pa foni imodzi, anga ndi a eni ake omwe. Foni kuti ndi ya ndani ana safunsa.

Yotamu: Onse awiri mukunena zoona, ndipo njira ina ilipo. Mu 2012 a Games for Change ndi USAID anatulutsa magemu a mafoni a mabatani ku Kenya, Tanzania ndi India. Ina inali 9 Minutes, ya mayi woyembekezera, miyezi 9 kuidutsa pa mphindi 9. Ina Worm Attack!, ya njoka za m'mimba. Palinso magemu a mawu okhaokha, monga Wanji Games: umaimba nambala, umamvera nkhani, akakufunsa umadina 1 kapena 2, nkhani imapita kumene wasankha. Nkhani ya Misozi ija ikhoza kuyenda choncho bwinobwino, chifukwa mtima wake ndi kusankha, si zithunzi. Vuto lake n'loti pamafunika kampani ya mafoni ivomere kuti kuimbako kukhale kwaulere, ndipo ophunzira awiri a ku koleji sangakwanitse zimenezo paokha.

Misozi: Achimwene mukufuna kundichotsa ntchito yojambula tsopano 😒

Yotamu: Ayi, jambula. Koma mawu alowemo ndithu, Chinyanja ndi Chibemba, ana ambiri kuwerenga ziganizo zitalizitali pa foni sangapirire.

Kondwani: Ndilowererepo ine mlendo wa ku Ntcheu. Aphunzitsi akuti za mipikisano zimafa zonse, koma kwathu kuli chimodzi chomwe sichinafe. Chipatala cha pa Foni chinabadwa pa mpikisano. A Concern Worldwide anapempha anthu wamba kuti atumize maganizo a mmene tingapulumutsire amayi ndi ana, anthu anatumiza masauzande, ndipo maganizo awiri omwe anapambana anawaphatikiza. A VillageReach anayamba nacho ku Balaka mu 2011. Lero munthu amaimba foni mwaulere n'kulankhula ndi wazaumoyo, ndipo chinaperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Mlongo wanga ali woyembekezera ankaimba kumeneko usiku. Ndiye mpikisano pawokha si woipa.

Aphunzitsi Banda: A Kondwani, mwandithandiza osadziwa. Choyamba, imeneyo si gemu. Chachiwiri, tawerengani amene mwawatchula: bungwe lokhala ndi ndalama, bungwe lina loyendetsa, kampani ya mafoni, unduna. Amene anapereka ganizo anangoyatsa, osonkhezera anali ena, kwa zaka zambiri. Chikalata cha Mabvuto chikunena kuti ndani adzasonkhezere?

Kondwani: Pamenepo ndavomera. Koma ndiye funso loti tifunse ndi limenelo, osati kungoti zonse ndi mahema ndi zakumwa.

Mabvuto: Chikalata chikuti opambana "adzalumikizidwa ndi othandiza". Basi.

Yotamu: Mawu amenewo ndikuwadziwa 😂 Ife tinawina malo achiwiri pa mpikisano wina, tinalumikizidwa ndi othandiza pa imelo imodzi yomwe sinayankhidwe mpaka lero. Mphoto yake inabwera mochedwa, titaiwala. Ngakhale kunja zili choncho. Mu 2010 ku America kunali Apps for Healthy Kids, pansi pa kampeni ya Michelle Obama, mphoto zonse pamodzi $60,000. Tandiuzeni amene akudziwa dzina la gemu imene inawina. Gemu imafuna woisamala: Android ikasintha uyenera kukonza, malangizo a unduna akasintha uyenera kukonza. Mphoto imalipira kubadwa kwa gemu, kulera ayi.

Mai Daka: Ine funso langa ndi losavuta. Kodi ilipo gemu imene inachiritsapo munthu, kapena tikungocheza?

Yotamu: Kuchiritsa ayi mayi, koma kuthandiza ilipo. Yodziwika kwambiri ndi Re-Mission, ya a HopeLab, inatuluka mu 2006, ya achinyamata odwala khansa. Umayendetsa karoboti m'thupi kuwombera maselo a khansa. Anaiyesa pa odwala 375, ena kuwapatsa gemuyo ena gemu wamba, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2008. Chimene ndimaikondera n'chakuti sanangowafunsa kuti "mwaphunzirapo chiyani". Anaika zotsekera mabotolo zowerenga kuti botolo latsegulidwa kangati, anayezanso magazi kuona ngati mankhwala alimo. Osewera Re-Mission ankamwa mankhwala mokhulupirika kuposa anzawo. Pafupi ndi kwathu kuno pali Tumaini, ya ku Kisumu ku Kenya, yopangidwa ndi a Emory University ndi KEMRI, bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la ku Kenya, ya ana a zaka 11 mpaka 14, yokhudza kukula ndi kupewa HIV. Nayonso ndi ya nkhani yosankha, ngati ya Misozi. Pa kuyesa koyamba ana anaikonda ndipo chidziwitso chawo chinakwera. Koma dziwani kuti mafoni anachita kuwabwereka ndi ofufuzawo.

Aphunzitsi Banda: Ehe.

Yotamu: Musafulumire Aphunzitsi 😂 Mbali inayo nayi. Pokémon GO itatuluka mu 2016 anthu ankati yathetsa ulesi. Ofufuza a ku Harvard atawerenga, anapeza kuti sabata yoyamba osewera ankayenda masitepe pafupifupi 1,000 owonjezera pa tsiku, koma pofika sabata ya 6 anali atabwerera mwakale. Kwa ine phunziro lake n'lakuti gemu yofuna kusintha khalidwe la tsiku ndi tsiku imatopetsa msanga. Koma gemu ya A Sista si yotero. Sikufuna kuti mwana azisewera chaka chonse. Ikufuna asewere kawiri katatu, kuti usiku wina zikadzachitikadi asadzakhale akuziona koyamba.

Sista Mwale: Ndi mmene amatiphunzitsira ifenso, pa chidole, kuti manja azolowere tisanakhudze munthu.

Mabvuto: Kuti anthu ambiri asewere, bwanji tiike mphoto? Womaliza gemu alandire talktime ya K5, kapena pakhale kagudumu kozungulitsa kuti mwina uwine bandulo. Oweruza amakonda kuona chiwerengero cha otsitsa.

Mai Daka: Ayi ayi ayi. Mabvuto, uzungulire pa siteshoni iliyonse uone anyamata maso ali pa Aviator, ndalama ya ndiwo ikuuluka ndi kandege. Mwana wa mchemwali wanga anagulitsa foni kuti abetche, kenako analibe pobetchera. Ndiye inu mubweretse kagudumu ka mwayi kwa ana a zaka 13, m'dzina la thanzi? Chimenecho chikalowa ine ndikhala woyamba kuuza makolo kuti aifufute.

Amake Dalitso: Ndiponso K5 imeneyo azitenga ndi akuluakulu. Mwamuna wanga akhoza kusewera ka 20 ndi masimu osiyana, osamva ngakhale liwu limodzi.

Mabvuto: Chabwino, ndabweza. Kagudumu kafa.

Misozi: Kafe ndithu. Mwana abwererenso chifukwa akufuna kuona chimene chikanachitika akanagogoda chitseko china. Ndipo usiku uliwonse uzisintha: lero wodwala ndi mwana, mawa ndi agogo okana kupita ku chipatala, tsiku lina mvula yagwa msewu wadzaza madzi, galimoto ikukana kulowa m'komboni.

Aphunzitsi Banda: Ine ndikanakonda mukanatengera nsolo. Ndi masewera athu, munthu amawerenga, amaganiza patsogolo, ndipo madoda a pansi pa mtengo akhoza kuikonda. Koma ndaona kuti sindipeza wondivotera.

Misozi: Nsolo tiisungire ya BP ndi shuga Aphunzitsi, ya madoda yokhayokha 😄

Kondwani: Kwathu mukaika bawo ndiye mwagwira amuna onse a pa Tsangano.

Mabvuto: Funso lina. Pa fomu akufunsa kuti tidzadziwa bwanji kuti gemu yathandiza. Ndimaganiza kuti wosewera azilemba dzina, zaka, komboni yake, ndi ngati kunyumba kwawo kuli wotsekula m'mimba. Tikatero tikhoza kupanga mapu osonyeza komwe matenda ayamba. Oweruza angagwe nazo zimenezo.

Yotamu: Angagwe nazo, iwe n'kugwa m'mavuto. Tili ndi Data Protection Act ya 2021. Za thanzi la munthu zili m'gulu la zinthu zotetezedwa mwapadera, ndipo za mwana zimafuna chilolezo cha kholo. Ukasonkhanitsa mayina a ana ndi matenda a kunyumba kwawo pa laputopu yako ya ku hostel, ikabedwa uyankha chiyani? Komanso ukangoti ukufufuza pa anthu, pamafunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga ya ku UNZA, ndi cha National Health Research Authority. Si za sabata imodzi. Gemu isafunse dzina, isafunse malo, isatumize kalikonse. Pa mpikisano, chitani chaching'ono koma choona: makolo avomere, ana ochepa asewere inu mukuonerera, muone pomwe akusokonezeka, mukonze. Pa fomu mulembe kuti kuyesa kwenikweni kudzafuna ofufuza ndi chilolezo. Woweruza wanzeru adzakulemekezani.

Sista Mwale: Ndipo mapu a matenda ali ndi eni ake, a ZNPHI, bungwe la boma lolondola za miliri, ndi a zaumoyo a m'boma. Mphekesera yochokera pa gemu yoti "ku Chibolya kwabuka kolera" ikhoza kutsekesa msika popanda chifukwa. Kumapeto kwa gemu mungoika uthenga woti pitani ku kiliniki yapafupi, nthawi iliyonse, musadikire kuche. Mawu onse a zachipatala ndiziwaona ndisanavomere, ndipo ndidzapita nawo kwa akuluakulu anga awaonenso. Dzina langa silikhala pa chinthu chophunzitsa zolakwika.

Misozi: A Sista, funso lovuta. Wosewera akachedwa kwambiri, mwana uja amwalire mu gemu?

Sista Mwale: Amwalire. Ndi zomwe zimachitika. Mukabisa, mwanamiza.

Amake Dalitso: Ayi A Sista, apo sindikuvomerezani. Mu mzere wathu wokha muli nyumba ziwiri zomwe zinaika ana nthawi ija. Azikulu awo a ana amenewo alipo, ndi omwewo adzaunjikane pa foni yanga. Mtsikana mmodzi anali yekha panyumba usiku umenewo, ndendende nkhani ya Misozi. Mukufuna foni imuuze kuti mng'ono wako anafa chifukwa unagogoda chitseko cholakwika? Mwana wa zaka 13 sanakumbe chitsime chija, sanasankhe kukhala yekha.

Sista Mwale: Mmm. Zimenezo n'zolemera.

Aphunzitsi Banda: Apa Amake Dalitso akhudza chimene chinkandivuta kuyambira pachiyambi, ndinkalephera kuchitchula. Magemu otere amatenga vuto la boma ndi la khansolo n'kulisenzetsa mwana. Koma ndikuvomeranso kuti usiku umenewo mwanayo ali yekha ndithu, kaya tikonde kaya tisakonde, ndipo kuli bwino adziwe chochita.

Yotamu: Pali njira yapakati. Kabotolo kakafika pansi, gemu isaonetse maliro. Wachikulire wina alowe, amunyamule mwana kuthamanga naye, chithunzi chide, kenako nesi afotokoze kuti anafika mochedwa kwambiri ndipo ali pa diripi, moyo uli pangozi. Wotchi ibwerere pa 22 hours, ayesenso.

Sista Mwale: Ndiye kuti mu gemu yanu aliyense amapulumuka. Ana si opusa, adzazindikira kuti palibe chowopsa, n'kumasankha zopusa dala kuti aseke.

Misozi: Adzachitadi zimenezo, ndi mmene ana amasewerera, ndipo pochita dala pomwepo amaona zotsatira. Koma bwanji imfa ikhalemo, isakhale ya m'manja mwa wosewera? M'mawa akufika ku kiliniki, amve kuti mnyamata wa nyumba ya alandilodi, amene anamubisa usiku wonse, sanafike. Chowopsa chaoneka, koma mlandu suli pa mwana amene wagwira foni.

Amake Dalitso: Imeneyo ndingailole pa foni yanga.

Sista Mwale: Ndiiganizire. Sindinavomere, sindinakane. Ndikufuna ndimve kaye mmene mawu ake adzamvekere, chifukwa alandilodi nawonso ali ndi ana omwe adzasewere.

Mabvuto: Achimwene a Yotamu, ndawerenganso malamulo a mpikisano. Pali ndime ina ikuti zonse zotumizidwa, zowina ndi zosawina zomwe, zidzakhala za bungwelo, ndipo likhoza kuzisintha kapena kuzipereka kwa ena.

Yotamu: Ndimayembekezera. Tanthauzo lake n'lakuti mukaluza, simungathenso kuipereka nokha kwa Amake Dalitso pa Xender popanda chilolezo chawo, ndipo zojambula za Misozi zapita. Alembereni lero lomwe, mwaulemu. Funsani ngati angavomere kuti umwini ukhale wanu, iwo mungowapatsa ufulu woigwiritsa ntchito ndi kuigawa mwaulere. Mabungwe ena amavomera, ndimeyo amangoikopera kwina osaiganizira. Funsaninso kuti "othandiza" aja ndi ndani, ndipo gemu yowina adzaisamala ndani chaka chamawa. Akakana zonse, ine malangizo anga ndi oti musatumize imeneyi. Atumizireni ya ntchentche ija, iyi mupite nayo ku BongoHive, malo othandiza oyambitsa za tekinoloje muno mu Lusaka, kapena kwa aphunzitsi anu mufufuze njira ina.

Mabvuto: Koma ya ntchentche singawine.

Yotamu: Ukanadziwa zomwe zimawina 😂

Kondwani: Ine ndikuti tumizani yabwinoyo basi. Ganizo losungidwa m'laputopu silinathandizepo munthu. Amene anapereka ganizo la Chipatala cha pa Foni akanaumira umwini, bwenzi lero chinthucho kulibe.

Misozi: Achimwene a Kondwani, zojambula ndi zanga, maso ndi anga amene adzafiire usiku. Aigawe mwaulere dziko lonse, ndilibe nazo vuto. Koma aitsekere m'kabati ine osaloledwa kuikhudza, ayi.

Mabvuto: Imelo ndalemba, a Yotamu ndakutumizirani kumbali muione ndisanatumize. Tsiku lotseka ndi kumapeto kwa mwezi wamawa, ndiye tiyambe ntchito tikudikira yankho. Tingakumane Loweruka?

Sista Mwale: Loweruka ndili pa ntchito mpaka 13 hours. Bwerani kwathu 15 hours, malaiti akakhalapo mutchajire konko. Misozi ubwere ndi nkhani yonse pa pepala, chitseko ndi chitseko, tisanakhudze kompyuta. Amake Dalitso, mungapezeke? Wachinayi pa gululi ndikufuna akhale inu.

Amake Dalitso: Loweruka ndi tsiku la msika, ndifika mochedwerapo. Foni ndibwera nayo, koma mudziwiretu kuti ikumalemba kuti malo adzaza, ndipo mavidiyo a kitchen party ya mwana wanga sindifufuta.

Yotamu: Musafufute amayi. Mabvuto, foni yoyesera ndi imeneyo.